Nyumba Ili M'dzina Langa

Amuna anga analonjeza kugwetsa nyumba yathu pamaso pa anthu odzaza holo ya khonsolo, osandifunsa n'komwe. Ine ndinaimvera pa wailesi nkhaniyo, ndili mkati mosita malaya awo, ndipo malayawo anapsa pakolala. Sindinapepese.

Amene anawadziwa bambowa masiku a uphungu wawo amawatchulabe kuti a Chimkuzamawu. Dzinali linabwera pamsonkhano wawo woyamba wa ndale. Magetsi atathima, iwo anangoika maikolofoni pansi n'kupitiriza ndi pakamwa pawo pokha, anthu a kumapeto kwa bwalo n'kumamva bwinobwino. Nthawi imeneyo n'kuti ali mphunzitsi wa sekondale wa jekete limodzi. Anthu anawakonda, anawasankha, n'kuwasankhanso, n'kubwerezanso. Akaimirira m'Nyumba ya Malamulo, ngakhale a mbali inayo ankasiya kusinza. Chipani anasinthapo kawiri, ndipo kawiri konseko ananena maso ali gwa kuti chasintha ndi chipanicho, iwo ali pomwe anali. Anafika mpaka pokhala wachiwiri kwa nduna. Ndinkawaonera pa kanema n'kumadzifunsa kuti, kodi ameneyu ndi munthu yemwe uja amasowa masokosi ake m'mawa uliwonse?

Nyumbayi tinaimanga zaka zimenezo. Akuluakulu onse a nthawiyo ankatenga malo m'dambo la m'mphepete mwa mzinda, poti kunali kufupi ndi maofesi ndipo panalibe wofunsa. Malole ankabwera ndi dothi ndi zibuma za njerwa, kukwirira bango ndi achule omwe, kamtsinje n'kukakankhira uko ngati mwana wamasiye. Mpanda wathu ndiwo unakhala pakamwa penipeni pa khwawa. Tsono poti phungu amayenera kuulula chuma chake, amuna anga anachita zomwe anzawo onse ankachita. Nyumba anailembetsa m'dzina langa.

"Ndi dzina chabe, mayi, musadandaule," anatero.

Ine sindinadandaule ayi. Iwo ali kokangana ku Nyumba ya Malamulo, amene ankapsa ndi dzuwa pamodzi ndi amisiri ndine. Ndinakana mchenga wadothi, ndinabweza malata opyapyala, ndinagumulitsa masitepe atapendama. Ana athu anakulira momwemo, n'kuchokera momwemo popita ku maukwati awo. Mayi anga anamwalirira m'chipinda chapansi, mutu uli pamiyendo panga. Munthu asandiuze kuti nyumba ndi njerwa chabe.

Koma ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Pachisankho chachipulula cha m'chipani mwawo, a Chimkuzamawu anagwa chagada, ndipo anawagwetsa ndi munthu amene kale ankawanyamulira chikwama. Foni imene inkalira mpaka kutentha inangoti zii. Pakhonde pomwe pankadzaza anthu ndi madandaulo awo panatsala mphaka. Bambo ankakhala pampando wawo wansungwi atavala tayi, osapita kulikonse, ndipo ndinkawamvera chisoni ngakhale ndinkawaseka.

Chaka chotsatira kunagwa mvula yoopsa. Madzi anatsika kuchokera kumapiri, anafika pampanda wathu, anapeza potseka, n'kukhotera kumunsi komwe kuli nyumba za anthu wamba, omwe aja ankawavotera. Kwathu kunanyowa kapinga basi. Kutacha bambo anabwereka majombo a mlonda n'kupita kukaona. Anabwerako dzuwa litapendeka, matope mpaka m'chiuno, tayi palibe. Munthu wapakamwa ngati ameneyo anatha tsiku lonse lotsatira osalankhula, mpaka ndinaganiza zoitana dokotala.

Atatsegula pakamwa anati, "Mayi, ndafukula makina osokera m'matope. Mwini wake amandithokoza, akuti aphungu athu simunatiiwale. Madzi saiwala khwawa, mayi. Ife tinawatsekera khomo, akalowa kwa eni."

Kuyambira pamenepo ndinakhala ndi mwamuna wina m'nyumba. Anayamba kudzuka m'mamawa kukavuula mapulasitiki mumtsinje pamodzi ndi anthu a kumunsiwo. Anadzala bango, anadzala mitengo, osati ija ankadzala ali phungu, yothirira kamodzi wojambula akujambula. Iyi ankaiyendera ngati odwala. Malole otaya zibuma m'dambo akabwera, iwo ankakaima kutsogolo kwake ndi majombo awo. Tsiku lina apolisi anawamanga, ndipo wapolisiyo anayamba wawapatsa sailuti kenako n'kuwaveka unyolo. Maofesi onse ankawadziwa, khomo loyenera kugogoda ankalidziwa, bwana wobisala ankadziwa pomwe amaimika galimoto yake. Ngakhale lamulo loletsa kumanga m'dambo ankaliloweza pamtima, poti analivotera okha, atadzuka m'nyumba ya m'dambo.

Ine ndinkawatchula kuti phungu wa achule. Koma ndisaname, ndinkachita nawo kaso. Kale anthu ankawaombera m'manja maso ali pathumba lawo. Tsopano amayi onyamula madzi ankawakalipira akadzala mtengo mokhota, iwo n'kuuzula n'kudzalanso akuseka. Kumtunda kwa dambo komwe anakwanitsa kuletsa malole, akakowa anabwerera, ndipo bambo anabwera kudzandiuza zimenezo akupuma wefuwefu ngati apambana chisankho.

Tsono gulu lawo linapempha khonsolo kuti igumule mipanda yotseka njira ya madzi mvula ina isanafike. Ndiwo msonkhano umene ndinkaumvera pa wailesi uja. Phungu watsopano, wachikwama uja, anaimirira n'kulankhula mwaulemu wothyola khosi.

"Awa ndi bambo anga pa ndale, ndiwo anandiphunzitsa zonse. Ndingofunsako kamodzi ngati mwana. Kodi mpanda woyamba kutseka madziwo ndi wa yani?"

Holo yonse inaseka. Funso limenelo ndimalidziwa bwino, amuna anga anaphera nalo nkhani zambiri m'masiku awo. Ukaloza mnzako, iye aloza wina, winayo aloza wina, mpaka nthawi ya tiyi yakwana. Ndinayembekezera kuti nawonso aloza wina.

"Ndi wanga," anatero a Chimkuzamawu. "Mpanda ndi wanga, nyumba ndi yanga, ndipo zonse zili panjira ya madzi. Loweruka m'mawa bwerani ndi nyundo."

Anafika pakhomo nkhope ikuwala, anthu atawaperekeza mpaka pageti. Ndinawasiya akhale pansi, avule majombo, amwe madzi.

"Bambo, ndamva pa wailesi kuti Loweruka mukugwetsa nyumba."

"Mayi, ndimati ndikufotokozereni bwinobwino."

"Ayi, ndi nkhani yabwino. Ndingofuna kudziwa kuti ndi nyumba yake iti, poti ine sindinkadziwa kuti muli ndi nyumba."

Anandiyang'ana osamvetsa. Kenako ndinaona nkhaniyo ikuwalowa pang'onopang'ono, kapu ili m'malere. Anali ataiwaladi. Chinthu anachibisa bwino kwambiri mpaka anadzibisira okha.

"Munazolowera kupempha mavoti kwa anthu zikwizikwi," ndinawauza. "Ulendo uno voti ndi imodzi, ili m'manja mwanga, ndipo ndakana. Mukagwetse ya amayi anu."

Mawu omalizawo anali achipongwe, ndipo ndinawanena dala.

Ndinakonzeka kulimbana ndi kampeni, poti njira zawo zonse ndinkazidziwa. Ndinkayembekezera kuti atuma achimwene anga, kapena abusa, kapena aimbira ana kuti andilirire pafoni. Ndinkayembekezera nsalu yatsopano pabedi. Koposa zonse ndinkayembekezera chilankhulo, chija chimayambira kutali, kukuseketsa, kukuliza, n'kukusiya utavomera chinthu chomwe sukuchikumbuka. Mayankho ndinali nditawanola kale. Koma sipanabwere munthu, sipanabwere nsalu. Anangondipempha kamodzi kokha, m'mawa wina tikumwa tiyi.

"Mayi, ndakulakwirani kawiri. Ndinabisala kumbuyo kwa dzina lanu, kenako ndakalonjeza chinthu chanu ngati changa. Komabe ndikupempha. Mvula ikabwera mpanda uwu ulipo, kumunsiku kufa munthu."

"Nanga a mipanda inayo? Tokha ndife tili m'dambo?"

"Si tokha. Koma wathu ukapanda kugwa, palibe wina adzagwetse wake."

"Ndiye tikakhala kuti?"

"Ndaona kanyumba ka lendi kumtunda. Zipinda ziwiri."

"Zipinda ziwiri! Ine, msinkhu uno, ndikayambirenso kukangana ndi alandilodi za chingwe choyanikira zovala? Ayi, bambo. Mukafuna kupulumutsa dziko, pulumutsani ndi zanu."

"Ndamva," anatero, n'kunyamula kapu yawo kukatsuka okha.

Kufatsa kwawoko sikunandipusitse. Ndinkadziwa kuti chida chachikulu achisungira Loweruka. Ndinawaonapo akuchita zimenezo kwa nduna zenizeni: kubweretsa chikhamu cha anthu pageti, makamera patsogolo, amayi akuimba dzina lako, iwe n'kutuluka ukumwetulira kudzavomera zomwe unakana dzulo. Ndani angakane pamaso pa anthu amene nyumba zawo zinakokoloka? Ndikanakana, mzinda wonse ukanandidziwa kuti ndine mfiti ya m'dambo. Mtima unandiwawa kuti mwamuna amene ndinamuchapira jekete limodzi lija andichite zimenezo ine.

Loweruka kunacha bwino. Anthu anayamba kufika dzuwa likungotuluka, ena ndi nyundo, ena ndi mapiki, ena ndi mawilibala. Ndinamuona mmisiri wamkulu amene anatimangira nyumbayi, tsitsi lonse litayera, atatsamira chinyundo chake. Atolankhani anaimika makamera awo moyang'ana geti. Chapatali panaima galimoto ya phungu watsopano, magalasi akuda otseka. Ine ndinakwera kuchipinda cham'mwamba, ndinakhoma chitseko, n'kuima kuseri kwa katani. Ndinalumbira kuti ngakhale aimbe mpaka mawu athe, sinditsika.

Bambo anatuluka n'kukaima pageti. Sanakwere pa chilichonse. Anthu anaomba m'manja, iwo anakweza dzanja, kunati zii. Atayamba kulankhula sindinamve kanthu, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo chikwatiranireni. Ndinachita kutsegula windo.

"Abale anga, ndinakunamizani," ankatero. "Nyumba iyi si yanga. Ndili phungu ndinailembetsa m'dzina la akazi anga kuti boma lisadziwe zomwe ndili nazo. Ndinabisa chuma. Mwini wake wa nyumbayi ndi amene anaimanga ndi thukuta lake, ndipo ine ndinailonjeza kwa inu osamufunsa. Ndamupempha, wakana, ndipo ali ndi ufulu wokana. Lero sipagwa njerwa pano. Ndakutayitsani nthawi. Bwererani kwanu."

Kenako phokoso linabuka.

"Andale ndi amodzimodzi!" anakuwa bambo wina, n'kuponya piki yake muwilibala.

"Ife tasiya maganyu athu chifukwa cha inu!"

Mayi wina wamtali, amene ndinamva pambuyo pake kuti ndi mwini makina osokera aja, sanakuwe. Anangowayang'ana bambo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumanga bwino nsalu yake, n'kutembenuka.

Achinyamata ena anayang'ana m'mwamba, anaona katani ikugwedezeka, n'kuyambitsa nyimbo yondiitana kuti amayi tulukani. Amayi angapo anailandira. Ndinati basi, yafika nthawi ija.

"Ayi!"

Limenelo linali liwu lakale lija, la bwalo lopanda magetsi. Mbalame zinauluka pawaya. Nyimbo inaduka pakati ngati aidula ndi mpeni.

"Munthu asatchule akazi anga pano. Wofuna kutukwana atukwane ine, ndili pompano."

Mtolankhani wina wamkazi anawasendezera maikolofoni kukamwa. "Bwana, mukudziwa kuti zomwe mwanenazi ndi mlandu? Mukuvomera pamaso pa dziko kuti munabisa chuma muli phungu?"

"Ndikuvomera. Lembani momwemo, musakongoletse."

Galasi la galimoto ija linatsika pang'ono. Ndinaona mano a wachikwama uja, kenako galasi linakwera, galimoto n'kunyamuka. Atolankhani anapinda miyendo ya makamera awo mothamanga, aliyense kufuna kukafika poyamba. Anthu anayamba kubalalika, mawilibala akulira m'msewu. Bambo sanathawire m'nyumba. Anaima pomwepo pageti, akupereka dzanja kwa aliyense wodutsa. Ambiri analilambalala dzanjalo, koma iwo sanalibweze.

Ine pawindo paja ndinagwidwa ndi mantha, osati oopa munthu, koma aja amakugwira ukaima pafupi ndi chinthu chachikulu kuposa mmene unkachiganizira. Munthu ameneyu ndinamuona akupambana, ndinamuona akugwa, ndinamuona akunama mokoma mpaka ine ndemwe wodziwa zoona n'kukhulupirira. Chikhamu chinali m'manja mwake, nyimbo inali itayamba kale, ankangofunika kukhala chete kamphindi kochepa, ine ndikanatsika. Dzina la uphungu linali litapita kale. Limene analitaya pageti tsiku limenelo linali lachiwiri, lomwe analipeza movutikira m'matope, ndipo analibenso lina. Analitaya kuti ine ndisakakamizidwe. Ndinakhala pabedi ndikudziuza kuti ndakhala zaka zonsezi ndi munthu amene sindinkamudziwa kukula kwake.

Ndinakhalapo nthawi ndithu. Mkwiyo sunathe ayi, ndipo nyumba yanga ndinkaifunabe. Ndinayang'ana siling'i, ndinayang'ana zitseko za kabati zomwe ndinasankha ndekha. Kenako ndinavala nsapato n'kutsika.

Panja panali patatsala anthu owerengeka: mmisiri wokalamba uja, amene mwendo unkamuvuta kuyenda msanga, amuna awiri omwe ankamudikira, ndi amayi atatu atakhala m'mphepete mwa ngalande. Kamera panalibe ndi imodzi yomwe.

"Amisiri!" ndinaitana.

Anatembenuka n'kuvula chipewa. "Wawa, mayi. Pepani ndi phokosoli."

"Mpanda uwu munamanga ndinu. Ukugwa bwanji?"

Anayang'ana bambo, n'kuyang'ananso ine. "Mayi, umenewu ndi wovuta. Munkandiimirira nokha, simenti sitinabe ndi pang'ono pomwe."

"Ndiye muvutika nawo. Yambirani pakona yakumtsinje. Nyumba muyambe mawa, ndipo malata ndi zitseko muchotse bwinobwino, sindikufuna kuona chokhota."

Bambo anabwera pafupi, nkhope itagwa. "Mayi, musachite izi chifukwa cha anthu."

"Anthu ake ati? Si mwawathamangitsa nokha?"

"Ngakhale mugwetse, dzina langa silibwerera. Madzulo ano wailesi inena zomwe ndanena basi. Mwina apolisi abweranso."

"Ndikudziwa. Sindikugwetsera dzina lanu."

Maso awo anali atafiira.

Mmisiri analavulira m'manja mwake, anakweza chinyundo, n'kumenya. Kugunda koyambako ndinakumva m'mano. Mpanda sunagwedezeke n'komwe, ndipo ndinanyadira mwa uchitsiru. Amuna awiri aja anatenga mapiki awo, amayi aja anadzuka n'kuyamba kusuntha miphika yanga ya maluwa osauzidwa. Anamenya mpaka thukuta linawanyowetsa misana, ndipo dzuwa lili pamutu chigawo choyamba chinapendekeka, chinaima kaye ngati chikuganiza, n'kugwera kunja.

Fumbi litatha ndinayang'ana pampatapo. Zaka zonse zimene ndinakhala m'nyumba imeneyo, mbali imeneyo ndinkangoona njerwa zanga. Sindinkadziwa kuti nyumba za kumunsi zili pafupi chonchi, moti munthu ungathe kumuitana osakweza mawu. Zinali m'munsi mwenimweni mwa mapazi anga, zina zochirikizidwa ndi mitengo, ndipo khoma lililonse linali ndi mzere wakuda wa madzi wofika pamwamba pa mawindo. Pakhomo pena mtsikana woyembekezera ankayanika matewera a mwana wina. Anasiya, n'kundiyang'ana.

Pamenepo ndinalira, ndipo sindingathe kunena kuti misozi ina inali ya nyumba yanga, ina ya chiyani. Bambo anaima pambali panga osandigwira, poti ankadziwa kuti sindinawakhululukire.

"Kanyumba kanu ka zipinda ziwiri kaja," ndinawafunsa ndikupukuta m'maso, "kali ndi mpopi m'kati?"

"Ayi, mayi. Mpopi uli panja, wa anthu onse."

"Ndiye muzikatunga ndinu."

"Ndizikatunga."

Ndinalowa m'nyumba kukayamba kumanga katundu, ndipo ndinayambira chipinda chapansi chija.